Kusaka Mfiti Pakati pa Achewa: Zimene Ofufuza za Chikhalidwe Anapeza

Akatswiri a chikhalidwe cha anthu, amene amakhala m'mudzi nthawi yaitali n'kumaphunzira chinenero ndi miyambo ya eni ake, salimbana ndi funso lakuti ufiti ulipo kapena kulibe. Iwo amafuna kudziwa amene waloza chala, amene walozedwa, ndiponso mkangano umene unalipo pakati pawo maliro asanagwe. E. E. Evans-Pritchard, m'buku lake la 1937 lonena za mtundu wa Azande ku Sudan, anaonetsa kuti anthuwo ankadziwa kuti chiswe ndicho chimagwetsa nkhokwe, koma ufiti unkawafotokozera chifukwa chimene nkhokweyo inagwera pa nthawi imene munthu wakutiwakuti anali atakhala pansi pake.

Achewa a ku Msundwe, Namitete ndi Mpingu, pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, ndi mtundu umodzi ndi Achewa a kum'mawa kwa Zambia amene Max Marwick anakhala nawo m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. M'buku lake la 1965, Marwick anasonyeza kuti milandu yambiri ya ufiti inkabuka pakati pa abale akuchikazi, amene amalimbirana ufumu, ng'ombe, chuma cha masiye ndi ulamuliro pa mbumba, kutanthauza alongo a munthu ndi ana awo. Popeza mwambo sulola munthu kukana malume ake kapena mbale wake poyera, kumutchula kuti ndi mfiti kunkapereka chifukwa chomveka chodulira ubale ndi kukamanga mudzi wina. Motero kuchuluka kwa milandu yotere kunkaonetsa kukula kwa chidani m'banjamo.

Kale woganiziridwa ankamwetsedwa mwavi, chakumwa chaululu cha khungwa la mtengo, ndipo wosanza ankayesedwa wosalakwa pamene wakufa ankatengedwa kuti analidi mfiti. Boma la atsamunda la ku Nyasaland litaletsa mwavi ndi lamulo la 1911, lomwe limaletsanso kutchula munthu kuti ndi mfiti, ambiri anaona ngati boma laikira mfiti kumbuyo, ndipo mpata umenewu unadzazidwa ndi magulu otchotsa ufiti m'midzi. Gulu la Mchape, limene linayambira ku Nyasaland ndipo Audrey Richards analiona pakati pa Abemba mu 1934, linkandandalika mudzi wonse pa mzere, kuyang'ana aliyense pa galasi, kulanda nyanga ndi zithumwa, ndi kumwetsa onse mankhwala. Pambuyo pake kunadza Bwanali cha m'ma 1947 ndi Chikanga wa ku Rumphi m'zaka za m'ma 1950, ndipo aliyense ankakoka khamu kwa kanthawi mpaka imfa ndi matenda zitabwezeretsa kukayikirana.

Masiku ano olozedwa kwambiri ndi okalamba, makamaka amayi amasiye opanda owateteza, komanso ana amene amanenedwa kuti aphunzitsidwa kutamba. Mu Januwale 2016, ku Neno, okalamba anayi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Ku Ulaya, kumene anthu zikwi makumi angapo ananyongedwa kapena kutenthedwa pakati pa zaka za 1450 ndi 1750, ambiri mwa ophedwawo analinso akazi.

Zofufuzazi zikuphunzitsa mafumu, atsogoleri a mipingo ndi apolisi kuti mlandu wa ufiti ukafika pabwalo, choyamba kufufuza ndi mkangano wa munda, ufumu kapena chuma umene wabisala kumbuyo kwake, chifukwa kupirikitsa gogo m'mudzi sikuthetsa mkanganowo.