Nyenyezi Zopatuka M'njira: Mlandu Umene Akatswiri Akali Kuzenga

Pa 21 June 2001 dzuwa linada masana ku Lusaka, ndipo kuno ku Chipata, Katete ndi Chadiza mwezi unaphimba mbali yaikulu ya dzuwa. Akatswiri a zakuthambo anali atalengeza tsiku ndi ola la kadamsanayo kukali zaka zambiri. Iwo saombeza ula ai. Amawerengera ndi lamulo la mphamvu yokoka, imene imagwetsa mango pansi ndi kusunga mwezi m'njira yace.

Lamuloli analilongosola ndi Isaac Newton wa ku Mangalande m'caka ca 1687. Komatu nthawi zina zinthu zakuthambo zimapatuka pa njira imene masamu azilembera. Zikatero, mlandu umayamba.

Woyamba unali wa Uranus, limodzi la maiko ozungulira dzuwa. Urbain Le Verrier wa ku France anati pali dziko lina losadziwika limene likulikoka, nawerengera malo ace. Akatswiri a ku Berlin atayang'ana pamenepo m'caka ca 1846, anapeza Neptune.

Waciwiri unali wa Mercury, dziko loyandikana ndi dzuwa. Apanso anafunafuna dziko lobisika, koma silinapezeke. Yankho linadza m'caka ca 1915 ndi Albert Einstein, amene anati cinthu colemera cimapinda thambo monga mwala woikidwa pa nsaru yotambasula. Pa kadamsana wa pa 29 May 1919, Arthur Eddington anajambula nyenyezi pa cisumbu ca Principe, kumadzulo kwa Afirika, naona kuti kuwala kwace kukupindikadi podutsa pafupi ndi dzuwa.

Wacitatu unali wa makina ochedwa Pioneer 10 ndi Pioneer 11, amene Amereka anatumiza kuthambo mu 1972 ndi 1973. Liwiro lao linali kucepa pang'ono kuposa m'mene anayembekezera, ndipo ena anaganiza kuti lamulo lokoka lalakwikanso. Pofika 2012 kunadziwika kuti kutentha kotuluka m'makinamo ndiko kunali kuwakankha.

Motero mayankho akhala atatu: cinthu cobisika, lamulo loperewera, kapena cipangizo comwe.

Mlandu waukulu ukali pabwalo. Dzuwa lathu liri m'gulu la nyenyezi lochedwa Mlalang'amba, mzere woyera uja timaona usiku wa m'cilimwe. M'zaka za m'ma 1970, Mai Vera Rubin anapeza kuti nyenyezi za m'mphepete mwa magulu otere zimathamanga kwambiri, kotero kuti zikadayenera kutayika. Akatswiri ambiri akuti pali zinthu zosaoneka zimene zikuzigwira, zocuruka pafupifupi kasanu kuposa zooneka. Mordehai Milgrom wa ku Israel anati m'caka ca 1983 lamulo ndilo lofunika kukonza.

Pansi pa zonsezi pali bvuto lina. Zinthu zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso ziri ndi malamulo ace, ochedwa quantum, amene amati ngakhale kuwala kumadza m'timagawo, monga cimanga cimene ciri njere imodzi imodzi ngakhale cidzaze nkhokwe. Malamulowa ndi a Einstein onse ayesedwa napambana, koma poyesa kuwaphatikiza masamu amasokonezeka. Ena akuti zonse zinapangidwa ndi timaulusi tonjenjemera. Ena akuti thambo lomwe ndi lolukidwa ngati mphasa. Palibe ciyeso cimene catsimikiza ganizo liri lonse.

Kodi mlimi wa ku Msekera kapena Mtenguleni zimkhudza bwanji? Makina a m'mwamba amene amathandiza kulosera za mvula amayenda ndi lamulo lokoka lomweli, ndipo GPS ya m'foni ikadasoceretsa anthu pakadapanda masamu a Einstein. Cimene cinali mtsutso wa ophunzira dzulo ndico cida ca pamudzi lero.

Makolo, mwana wofunsa za nyenyezi musamkalipire; mlimbikitseni pa masamu. Kucokera pa Newton kufikira pa Einstein panapita zaka 228, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.