Zinyalala za ku Kawale ndi Nsomba za pa Maleri

Mwana wa sukulu wa ku Kawale kapena ku Chinsapo akamva za matanthwe a korali, amayesa nkhani ya maiko akutali, pakuti Malawi alibe nyanja ya mchere. Koma mphunzitsi angathe kuyamba phunziroli pa ngalande ya kuseri kwa sukulu. Madzi a mvula ochokera ku Biwi, ku Area 23 ndi ku Mgona amatsikira m'timitsinje, nalowa mu mtsinje wa Lilongwe. Umenewu umathira mu Linthipe, ndipo Linthipe umakathira m'Nyanja ya Malawi m'boma la Salima, pafupi ndi zisumbu za Maleri.

Korali ndi tizirombo tating'ono ta m'nyanja za mchere zofunda, timene timadzimangira tinyumba tolimba ta njereza. Tikafa, tinzake timamanga pamwamba pake, kotero kuti popita zaka zambirimbiri pamaoneka thanthwe lalikulu la mapanga osawerengeka, mobisalamo nsomba za mitundumitundu. M'Nyanja ya Malawi mulibe korali, komatu miyala ya m'mbali mwa zisumbu zake imagwira nchito yomweyo. Pa miyalayi pamamera ndere, ndipo nderezo ndizo chakudya cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene dzina lake linachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay. Geoffrey Fryer, amene anafufuza za tinsombati ku Nkhata Bay komweko, analemba m'chaka cha 1959 kuti ngakhale mitundu yambiri imadya pa mwala umodzi, mano ndi milomo yake nzosiyana: wina umapala ndere, wina umazibudula, winanso umatola tizirombo tobisala m'menemo.

Chodabwitsa china nchakuti mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa mwake, ndipo anawo akakula sachoka pa miyala. Mchenga ndi madzi akuya ziri ngati mpanda kwa iwo. Nchifukwa chake mitundu ina imapezeka pa chisumbu chimodzi chokha pa dziko lonse lapansi, ndipo miyala ya chisumbucho ikaonongeka, mtunduwo ulibe kothawira. Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park m'chaka cha 1980 kuti nsombazi zitetezedwe, ndipo zisumbu za Maleri ziri m'kati mwake. Koma malire a nkhalango saletsa mtsinje. Matope a m'minda amene Linthipe umanyamula m'dzinja amadetsa madzi nakwirira ndere, ndipo njira yodzera matope ndi yomwenso imadzera jumbo yotayidwa m'ngalande.

Kuipa kwa pulasitiki pa matanthwe kunayesedwa bwino ku nyanja za mchere. M'chaka cha 2018 Joleah Lamb ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa matanthwe 159 a ku Indonesia, Thailand, Myanmar ndi Australia. Pamene panalibe pulasitiki, makorali 4 pa 100 ali onse ankagwidwa matenda. Pamene pulasitiki anakolekera, chiwerengerocho chinafika 89. Pulasitiki amatsekereza kuwala ndi mpweya, amatupula khungu la korali, ndiponso amanyamula tizirombo ta matenda.

Tsono anthu ena anaganiza kuti zinyalala zomwezo zingasanduke nyumba za nsomba. M'zaka za m'ma 1970, pa gombe la Fort Lauderdale ku America, anamiza matayala akale okwana ngati 2 miliyoni, atawamanga m'mitolo. Cholinga chinali chabwino ndithu, koma zitsulo zomangira zinadyeka ndi dzimbiri, zamoyo zambiri zinakana kumera pa mphirayo, ndipo namondwe anakunkhuniza matayalawo mpaka kuphwanya korali weniweni. M'chaka cha 2007 asilikali odziwa kumira anayamba kuwabvuula limodzilimodzi, nchito yolemetsa ndi yodya ndalama.

Amisiri a m'misika ya Lilongwe amachita bwino koposa, ngakhale palibe amawatcha ofufuza. Tayala lakutha amalisema nkhwaira, chubu amachicheka malegeni omangira katundu pa njinga, chitini chimasanduka koloboyi, botolo la chakumwa limabwerera pa msika muli thobwa, ndipo ana amakulunga majumbo nkukhala mpira wa chikulunga. Chinthu chiri chonse chotere chimatsala pa mtunda, osafika ku madzi.

Chobvuta ndi jumbo yopyapyala, imene imang'ambika tsiku lomwelo ndipo mmisiri alibe nayo nchito. Boma linaletsa majumbo otere m'chaka cha 2015. Owapanga anakasuma, koma khoti lalikulu la apilo linagamula m'chaka cha 2019 kuti lamulolo likhale. Mphunzitsi wofuna kuti ana amvetse chifukwa cha lamuloli, awatengere pa mlatho wa Lilongwe mvula yoyamba itangogwa, akawerenge majumbo okolekera m'mabango, kenaka pobwera alondole mtsinjewo ndi chala pa mapu kufikira ku Maleri.