Kugogoda Pachifuwa Sikuchiza Chibayo

Chisanu cha Juni ndi Julayi chikafika, amayi ambiri amalawirira ku chipatala cha Kasinje m'boma la Ntcheu atabereka ana otsokomola. Ena amafika mochedwa chifukwa anayamba ayesa kaye zakumudzi. Tonsefe tinaonapo agogo atamugoneka mwana chafufumimba pamiyendo, akumugogoda kumsana kuti makhololo atuluke. Kodi zimenezi zimathandiza?

Njirayi ilikonso kuchipatala. Akatswiri a fiziyo amamugoneka mwana bwino lomwe, napinda chikhatho ngati akutunga madzi, n'kumagogoda pang'onopang'ono pachifuwa kuti makhololo amasuke. Kuno kwathu maphunziro a digiri ya ntchitoyi anayamba mu 2010 ku College of Medicine mumzinda wa Blantyre. Thandizoli limayenera ana ofooka ziwalo amene satha kutsokomola mwamphamvu, ndiponso amene ali ndi nthenda ya m'mapapo yamgonagona.

Koma chibayo n'china. Ofufuza sanapeze umboni wokwanira woti kugogoda kumachichiza. Kwa khanda lobanika, kugogodako kungathe kungolitopetsa ndi kulisanzitsa, nthawi n'kumapita.

Nanga tichitenji? Mwana akakhala phee, timuvule malaya n'kuwerenga kapumidwe kake kwa mphindi imodzi yathunthu. Khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40, ndiye kuti akupuma mothamanga. Tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala ngati amoxicillin ndiwo amapha tizilombo ta chibayo. Akamakoka nthiti popuma, akamakana kuyamwa, akakomoka kapena akalefukiratu, tisadikire kuti kuche. Pakadafunda padajiwitsa galu. Mwana wotere angafunike kugonekedwa ku chipatala cha boma ngati cha Ntcheu kuti akalandire mpweya wa oksijeni.

Pakhomo, tipitirize kumuyamwitsa, timupatse zakumwa pafupipafupi ndi kumupukuta mamina. Tisamuteme mphini pachifuwa. Tisamubereke pophika m'khitchini yautsi, ngakhale powamba nsomba kunyanja. Ndiponso tisadumphe sikelo: katemera woteteza ku chibayo anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2011, ndipo ngwaulere.

Amayi ndi abambo, kugogoda pachifuwa tiwasiyire amene anaphunzira. Yathu ntchito ndi kuwerenga kapumidwe ka mwana ndi kunyamuka msanga.