Za Nthenda ya Cigodola, ndi Umo Igonjetsera Ng'ombe

Inu eni makola a ku Wenya, mudziwa kuti mvula ikakhazikika nkhupakupa zicuruka m'makutu a ng'ombe, ndipo nthenda ya cigodola, imene Azungu aicha East Coast fever, iyamba kugwetsa ana a ng'ombe. Ambiri aizindikira pamene ciweto cagona kale, thobvu liri kukamwa. Koma pa nthawi imeneyo nkhondo yatha. Inayamba masabata atatu apitawo, mwini wace asadziwa. Cifukwa cace tifuna kukufotokozerani mayendedwe a mdani ameneyu.

Cimene cidwalitsa ng'ombe ndico kacirombo kakang'ono ndithu, kosaoneka ndi maso koma pa galasi lokuza zinthu. Dzina lace ndi Theileria parva, kukumbukira Arnold Theiler, dotolo wa ziweto amene anakasiyanitsa ndi tizirombo tina m'caka ca 1904. Kakhala m'malobvu a nkhupakupa yofiirira ija yokonda kuluma m'khutu, ndipo nkhupakupayo ikayamwa masiku awiri kapena atatu, ikalabvulira m'thupi la ng'ombe.

Tsono m'mwazi wa ciweto ciri conse muli alonda oyera, amene nchito yao ndiyo kugwira ndi kupha tizirombo ta nthenda. Taonani kucenjera kwa mdani uyu: sathawa alondawo, koma alowa m'kati mwa mmodzi wa iwo, nakhala momwemo monga mwini nyumba. Mlonda wabwino abala anzace pokhapo pamene thupi liwafuna, ndipo akatha nchito yace afa. Koma kacirombo kamletsa kufa, nikamkakamiza kugawika kosalekeza. Pogawika mlondayo, nakonso kagawika, nikagwira kolimba kuti mbali zonse ziwiri zitenge gawo lace. Cotero mmodzi akhala awiri, awiri akhala anai, ndipo onse ali akapolo a mdani. Kubalana kumeneku kufanana ndi kwa nthenda ya khansa, koma kusiyana kwace ndi uku: mukapha kacirombo ndi mankhwala, alonda aleka misala yao.

Alonda ogwidwawo ayamba kuunjikana pa mwanabere wa pansi pa khutu lolumidwa, ndipo patupa patapita ngati sabata imodzi. Pambuyo pace atupanso wa patsogolo pa phewa, thupi litentha, ng'ombe ileka kudya. Potsiriza afalikira m'mapapo, amene adzala madzi, ndipo ciweto cifa monga comira m'mtsinje, kawiri kawiri pa sabata yacitatu kapena yacinai. Tizirombo tina tituruka ndi kulowa m'mwazi wofiira. Nkhupakupa yaing'ono ikayamwa pamenepo igwa m'udzu, nifundula, nikwera ng'ombe ina. Ng'ombe yocira sidwalanso msanga, koma isunga tizirombo m'thupi mwace.

Akuru anati, cakudza siciyimba ng'oma. Cifukwa cace citani izi:

1. Masiku onse a dzinja papasani pansi pa makutu ndi patsogolo pa mapewa a ana a ng'ombe. Mukapeza cotupa, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Mankhwala ochedwa buparvaquone aciritsa bwino akalasidwa msanga, koma mapapo akadzala madzi athandiza pang'ono.

2. Sambitsani ng'ombe m'dibi kapena kuziwaza mankhwala a nkhupakupa monga mlangizi akuuzani, osadumpha sabata, ndipo musaiwale m'kati mwa makutu.

3. Funsani za katemera amene anakonzedwa ku Muguga, m'dziko la Kenya, m'zaka za m'ma 1970, napangidwanso ku Lilongwe. Alasa tizirombo tamoyo pamodzi ndi mankhwala otifooketsa, kuti alonda aphunzire nkhope ya mdani asanagwidwe. Kamodzi kakwanira moyo wonse wa ng'ombe. Makamaka temerani ng'ombe za Cizungu ndi zosakaniza, pakuti zifa msanga koposa zathu za linunda.

4. Musalowetse m'khola ng'ombe yogula kutali, kapena yocokera kutsidya kwa malire, isanaonedwe ndi kusambitsidwa. Kumbukirani kuti m'zaka za 1901 ndi 1902 ng'ombe zotsitsidwa pa doko la Beira zinafikitsa nthendayi ku dziko limene lero lichedwa Zimbabwe, ndipo makola ambiri anatsala opanda kanthu.

Ng'ombe ndiyo cuma ca banja, yolima munda ndi yolipira sukulu ya ana. Dzanja lanu pansi pa khutu lace m'mawa muli monse likhoza kuipulumutsa.