Vitamini D: werengani botolo musanameze piritsi

Amayi ena ogulitsa mbatatesi pamsika wa ku Ulongué anabwera m'kalasi la akuluakulu atamanga kabotolo koyera pansonga ya chitenje. Tsikulo ndinapita kukaona mmene phunziro la manambala likuyendera. Tisanayambe, amayiwo anamasula chitenje n'kuika kabotolo patebulo.

"Aphunzitsi, tandiwerengerani apa," anatero. "Wanditumizira ndi mwana wanga wa ku Joni. Akuti ndi mankhwala a mafupa. Mawondo akhala akundipweteka, ndiye ndikumamwa piritsi limodzi m'mawa uliwonse."

"Mwayamba liti, amayi?"

"Wapita mlungu umodzi."

Ndinalemba pabolodi zimene zinali pabotolo: Vitamin D, 50 000 IU. Wina anawerenga kuti 500. Wina anati 5.000. Kenako abambo ena anaimirira n'kuwerenga maziro ndi chala. Anali anayi. Nambalayo inali 50.000.

Munthu wamkulu amafunika 600 patsiku. Tinagawa 50.000 ndi 600 pabolodi pomwepo, ndipo tinapeza kuti piritsi limodzi lija linali ndi vitamini wa masiku oposa 80. Amayiwo ankameza m'mawa umodzi zimene thupi limafuna pa miyezi pafupifupi itatu.

Mwana wawo sanafune kuwapweteka. Anagula chifukwa chowakonda amayi ake. Koma iye sanafunse kuchipatala, ndipo amayi ake sanathe kuwerenga nambala. Mabotolo otere achuluka masiku ano, m'masitolo, m'misika ndi m'katundu wochokera kwa abale akunja. Choncho tiyeni timudziwe vitamini ameneyu tisanatulutse ndalama.

Ntchito ya vitamini D m'thupi

Mafupa athu amalimba ndi mchere wina wotchedwa kashiamu. Pa Chipwitikizi ndi cálcio. Kashiamu timamupeza m'zakudya. Koma kuti achoke m'matumbo n'kulowa m'magazi, pamafunika vitamini D. Iye akasowa, kashiamu wambiri amangotuluka m'thupi osagwira ntchito.

Mwana akasowa vitamini D kwa nthawi yaitali, mafupa ake amafewa. Miyendo imapindika, n'kukhala ya matewe, ndipo amachedwa kuyenda. Achipatala amawatchula matendawa kuti raquitismo. Wamkulu akasowa, mafupa amawawa ndipo minofu imafooka, moti amavutika kudzuka pamphasa.

Komabe si kupweteka kulikonse kwa mafupa kumene kumabwera chifukwa chosowa vitaminiyu. Mawondo akhoza kupweteka chifukwa cha ukalamba, katundu wolemera kapena nyamakazi. Njira yodziwira bwino ndi kupimidwa ndi achipatala. Pena amayeza magazi kuti aone kuchuluka kwa vitamini D.

Dzuwa ndilo gwero lalikulu

Vitamini D ndi wosiyana ndi mavitamini ena. Thupi limamupanga lokha dzuwa likawomba khungu. Amene amalima, amene amagulitsa pamsika, amene amaweta ng'ombe kapena kuwedza nsomba, onsewa khungu lawo limapanga vitaminiyu akugwira ntchito. Salipira kanthu.

Dziko lathu la Mozambique lili kumene dzuwa limakhala lamphamvu chaka chonse. Ngakhale m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ku Angónia ndi ku Tsangano, dzuwa la masana limagwirabe ntchito yake. Ku Britain n'kosiyana. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la kumeneko limakhala lofooka, ndipo khungu silipanga vitamini wokwanira. N'chifukwa chake boma la kumeneko limalangiza anthu kumwa 400 UI patsiku m'miyezi imeneyo. Malangizowo ndi oona kwa munthu wa ku London. Sanalembedwere mlimi wa ku Macanga.

Dziwaninso zinthu ziwiri. Khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo padzuwa kuposa khungu loyera. Ndipo dzuwa lodutsa pagalasi la zenera silithandiza, chifukwa galasi limatchinga kuwala kumene kumapanga vitaminiyu.

Zakudya nazo zimawonjezera. Vitamini D amapezeka mu nsomba zamafuta, m'mbali yachikasu ya dzira, m'chiwindi, ndi m'bowa woyanika padzuwa. Kashiamu ali mu mkaka, m'mawere, m'masamba obiriwira, ndi mu tinsomba timene timadya ndi minga yomwe, monga usipa wa ku nyanja ya Niassa ndi kapenta wa ku Cahora Bassa.

Kashiamu tisamuiwale. Mu 1999 madokotala analemba zimene anapeza ku Jos, m'dziko la Nigeria. Kumeneko ana ambiri anali ndi matewe ngakhale dzuwa linali lambiri. Ana amene anapatsidwa kashiamu anachira bwino kuposa amene anapatsidwa vitamini D yekha. Vuto lalikulu linali m'mbale, osati padzuwa. Mwana wongodya nsima ndi ndiwo zochepa akhoza kusowa kashiamu, ndipo botolo la vitamini D silingathetse zimenezo.

Ndani angafunikedi mapiritsi?

Alipo anthu amene dzuwa siliwafika mokwanira. Agogo amene satulukanso m'nyumba. Wodwala amene wagona miyezi yambiri. Munthu wogwira ntchito m'nyumba kuyambira m'mawa mpaka mdima. Amene amavala zophimba thupi lonse. Aliponso odwala impso, chiwindi kapena matumbo.

Abale athu a khungu lachialubino sayenera kudziika padzuwa pofuna vitamini, chifukwa dzuwa limawabweretsera khansa ya pakhungu. Apitirize kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, ndipo za vitamini D akafunse kuchipatala.

Mankhwala ena amachepetsa vitamini D m'thupi. Ena mwa iwo ndi a khunyu, a chifuwa chachikulu, ndi ena mwa ma ARV. Ngati mumamwa mankhwala amenewa, musasiye ngakhale tsiku limodzi. Ingofunsani tsiku lokatenga mankhwala ngati mukufunika kuwonjezera vitamini.

Amayi oyembekezera amwe zimene apatsidwa kusikelo, monga mapiritsi owonjezera magazi a sal ferroso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, la OMS, silinena kuti mayi aliyense woyembekezera azimwa vitamini D. Kwa makanda, musagule madontho mwa inu nokha. Pitirizani kuyamwitsa ndipo funsani anamwino. Musasokonezenso vitamini D ndi vitamini A amene ana amalandira kuchipatala kuyambira ali ndi miyezi 6. Amenewo ndi mavitamini awiri osiyana.

Mlingo: manambala oyenera kuwadziwa

Vitamini D amayezedwa m'njira ziwiri. Pabotolo la Chipwitikizi mudzaona UI. Pabotolo la Chingerezi, lochokera ku South Africa, Malawi kapena Zambia, mudzaona IU. Ndi chinthu chimodzi. Mabotolo ena amalemba mcg kapena µg. Lamulo lake n'losavuta: 1 mcg ndi 40 UI. Choncho 10 mcg ndi 400 UI, ndipo 25 mcg ndi 1.000 UI.

Mu 2011 bungwe la akatswiri la ku America lotchedwa Institute of Medicine linafalitsa milingo iyi ya tsiku limodzi:

Khanda losakwana chaka: 400 UI.
Kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 70: 600 UI.
Opitirira zaka 70: 800 UI.
Malire a munthu wamkulu: 4.000 UI. Asapitirire pamenepo popanda dokotala.

Milingo imeneyi anaiwerengera munthu amene saona dzuwa kwenikweni. Amene amakhala panja tsiku lonse amapeza gawo lalikulu pakhungu lake.

Nanga piritsi la 50.000 UI ndi la ndani? Ndi mankhwala enieni a munthu amene achipatala apeza kuti akusowa kwambiri vitaminiyu. Kawirikawiri amamwa kamodzi pamlungu kwa milungu yowerengeka, dokotala akumuyang'anira. Si lomwa tsiku ndi tsiku.

Chenjerani ndi kalembedwe ka manambala. Chipwitikizi chimalemba 50.000 ndi kadontho. Chingerezi chimalemba 50,000 kapena 50 000. Musadalire kadontho. Werengani maziro mmodzimmodzi monga anachitira abambo aja.

Akachuluka amavulaza

Anthu ambiri amati vitamini ndi chakudya, sangapweteke. Pa vitamini D si choncho. Mavitamini ena akachuluka amatuluka ndi mkodzo, koma uyu amasungika m'mafuta a m'thupi kwa nthawi yaitali. Munthu akamamwa wochuluka kwa milungu kapena miyezi, kashiamu amakwera kwambiri m'magazi.

Zizindikiro zake ndi izi: nseru, kusanza, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, kufooka ndi kusokonezeka mutu. Zikapitirira, mu impso mumapangika timiyala, ndipo impsozo zimawonongeka. Amene amamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi otchedwa hidroclorotiazida asamale kwambiri, chifukwa mapiritsiwa nawo amasunga kashiamu m'thupi.

Dzuwa silingakupatseni vitamini D wopitirira muyeso. Khungu likapanga wokwanira limaleka lokha. Botolo lilibe malire otere. Malire ake ndi inuyo.

Kodi amachiza matenda onse?

M'nthawi ya Covid-19, mauthenga ambiri anayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ena ankati vitamini D amateteza ku matenda alionse. Ogulitsa ena mpaka lero amati amachiza khansa, shuga, mtima ndi kusabereka.

Akatswiri anayesa zina mwa zimenezi. Pa kafukufuku wotchedwa VITAL ku America, anatsatira anthu achikulire oposa 25.000 kwa zaka pafupifupi zisanu. Theka ankamwa 2.000 UI patsiku. Theka linalo ankamwa piritsi lopanda vitaminiyo. Zotsatira zinatuluka mu 2018. Khansa ndi matenda a mtima sizinachepe mwa amene ankamwa vitamini. Mu 2022 anaonanso kuti kuthyoka kwa mafupa sikunachepe. Ambiri mwa anthuwo sanali osowa vitaminiyu poyamba.

Phunziro lake ndi ili: vitamini D amathandiza munthu amene akumusowa. Kwa amene ali naye wokwanira, kuwonjezera ndi kutaya ndalama zimene zikanagula mazira ndi usipa wa banja lonse.

Malangizo oyenera kuwakhulupirira

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma kufunsa kumafunanso kudziwa womufunsa. Mukamva uthenga wa za mankhwala, dzifunseni mafunso anayi.

Akunena ndani? Uthenga wa pafoni wopanda dzina la munthu kapena la chipatala ulibe mwini. Mukadwala nawo, simudzapeza womufunsa.

Akupindula chiyani? Ngati wolangizayo ndi yemwenso akugulitsa botolo, funsaninso munthu wina amene sakugulitsa kanthu.

Akulonjeza zotani? Mankhwala amodzi ochiza matenda khumi kulibe.

Akundidziwa ine? Namwino amafunsa zaka zanu, matenda anu ndi mankhwala amene mukumwa kale. Kanema wa pa intaneti safunsa chilichonse.

Anthu oyenera kuwafunsa ali pafupi: namwino kapena dokotala wa ku centro de saúde, wa mankhwala wa ku farmácia yovomerezeka, ndi APE wa m'mudzi mwanu, amene angakutumizeni kuchipatala. Kufunsa ndi ufulu wanu. Ngati sanafotokoze momveka, nenani mwaulemu kuti abwereze m'chilankhulo chanu. Apempheninso akulembereni papepala kuti ndi mapiritsi angati, kangati, kwa masiku angati.

Pogula

Achipatala akanena kuti mugule, pitani ku farmácia. M'dziko muno bungwe la boma la ANARME ndilo limayang'anira mankhwala ndi malo owagulitsira. Mapiritsi a pamphasa ya mumsika kapena a m'basi, amene akhala padzuwa, palibe amene angatsimikize zimene zili m'kati mwake. Musagule mapiritsi a m'kapepala kopanda dzina. Onani ngati chivindikiro sichinatsegulidwe.

Mawu awa akuthandizani powerenga botolo:

Colecalciferol: vitamini D3.
Ergocalciferol: vitamini D2.
Posologia: kamwedwe, ndiko kuti angati ndiponso kangati.
Validade, VAL kapena EXP: tsiku limene mankhwala athere mphamvu.
Por dia: patsiku. Por semana: pamlungu.
Manter fora do alcance das crianças: sungani pamene ana sangafike.

Onaninso mabotolo ena amene muli nawo kunyumba. Mapiritsi a mavitamini osakaniza, a kashiamu, ndi mafuta a chiwindi cha nsomba nthawi zambiri amakhala kale ndi vitamini D. Mukamwa onse pamodzi, manambala amaphatikizana.

Amayi a mbatatesi aja anasiya kumwa tsiku lomwelo. M'mawa mwake anapita ku centro de saúde atatenga botolo lawo. Mwamwayi anali atamwa masiku ochepa, ndipo sanavulale. Achipatala anawapima mawondo n'kuwapatsa chithandizo china. Mlungu wotsatira anabweranso m'kalasi. Ananena kuti anamuimbira mwana wawo, n'kumuthokoza, kenako n'kumuwerengera nambala ya pabotolo iwo eni, ziro ndi ziro.

"Ndamuuza kuti ulendo wina ayambe wandifunsa," anatero. "Ndipo ine ndidzayamba ndafunsa anamwino."

Madzulo ano tengani botolo lililonse la mavitamini limene lili m'nyumba mwanu. Pezani UI kapena mcg. Werengani maziro. Pezani validade. Ngati pali chimene sichikumveka, pitani nalo kuchipatala musanameze piritsi lina.