Lole Ikamamwa Madzi, Phunzirani kwa Womata Machubu

Pa mlatho wa Chia, pamsewu wa M5 makilomita oposa 20 kumwera kwa boma la Nkhotakota, galimoto zambiri zimaimira nsomba. Koma mukaonetsetsa malole akale aja, ma Canter ndi ma Dyna onyamula mpunga, makaka ndi madengu a usipa, mupeza kuti ena amaimiranso china. Dalaivala ali mkati monenerera chambo, mnyamata wake watsetsereka kale kumadzi ndi chigubu. Mukafunsa, yankho limakhala lomwelomwelo: "Imamwako madzi imeneyi bwana, koma injini ilibe vuto."

Vuto lilipo. Madzi a mu rediyeta amayenera kuzungulira omwewo kwa miyezi yambiri osachepa. Ngati mukuonjezera m'mawa uliwonse, ndiye kuti pali pomwe akutulukira, ndipo malowo sadzitseka okha.

Dizilo akamayaka m'masilinda, mphamvu yomwe imafika kumatayala sikwana ndi theka lomwe. Yotsalayo ndi kutentha basi: kwina kumatuluka ndi utsi, kwina kumanyamulidwa ndi madzi. Pampu imakankha madziwo kudutsa m'tinjira ta m'kati mwa buloko ndi hedi, thermostat ikatseguka amapita ku rediyeta kukazizira ndi mphepo ya fani, n'kubwereranso. Pa injini zambiri za ku Japan thermostat imayamba kutseguka kutentha kukafika cha m'ma 82 digiri.

Chomwe ambiri sachilabadira n'chakuti njira yonseyi ndi yotsekeka, ndipo injini ikatentha imakhala yopopeka. Yang'anani pa chitsekero cha rediyeta, mupezapo nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1. Imeneyo ndi presha yomwe sipuling'i ya m'chitsekerocho imagwira. Kuno kunyanja, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi apamtetete amawira asanafike pa 100 digiri, koma opanikizidwa chonchi amapirira mpaka kufupi ndi 120. Choncho kabowo kakang'ono kamakuberani pawiri: madzi akutayika, presha nayo ikuthawa, ndipo madzi otsalawo akuwira msanga. M'mwezi wa Okutobala, lole itasenza matumba ikukwera zitunda za msewu wa M18 wopita ku Kasungu, kusiyana kumeneko n'komwe kumaphetsa injini.

Munthu amene amaidziwa bwino nkhani yotereyi ndi uja amamata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango. Wakabaza akamubweretsera chubu chophwa, iye sachitembenuzatembenuza kufuna kuona bowo ndi maso, chifukwa amadziwa kuti chubu chopanda mpweya chimabisa bala lake. Amayamba wachipopa, kenako n'kuchiviika m'beseni chigawo ndi chigawo mpaka thovu litamuuza pomwe pabooka. Injini nayo imabisa ikakhala yozizira. Paipi yong'aluka pang'ono imaoneka youma m'mawa, koma ikatentha n'kupopeka imafwamphula madzi, omwe amagwera pa chitsulo chamoto n'kuuma nthawi yomweyo osasiya dontho pansi. Ndiye mwini wake amalumbira kuti siidontha.

Amakaniko okhala ndi zida amagwiritsa ntchito kapampu ka m'manja kokhala ndi geji. Amakamangirira pakamwa pa rediyeta injini ili yozizira, amapopa kufika pa nambala ya pachitsekero ija osapyola, n'kudikira mphindi 10 kapena 15. Muvi ukamatsika, pali bowo, ndipo madzi amayamba kuoneka pomwe akutulukira, inu mukufufuza mwamtendere popanda fani wozungulira pafupi ndi zala. Ngati kapampuko palibe, injini idzipopa yokha. Itsukeni iume, dzazani madzi, iyendetseni mpaka itenthe bwino, muizimitse, mudzutse kebu n'kuyang'ana ndi tochi nthawi yomweyo, chifukwa ikangozimitsidwa m'pamene presha imakwera kwambiri. Usiku yalani katoni pansi pake. Fufuzaninso zipsera zoyera, zobiriwira kapena za dzimbiri, pakuti madzi ouma amasiya mkwaso kuchokera pomwe anatulukira.

Womata machubu wanzeru asanavule n'komwe tayala, amapaka malovu pa valuvu. Nthawi zina chubu chimakhala chabwinobwino, valuvu ndiyo yatopa. Valuvu ya injini ndi chitsekero chija. Labala yake ikauma kapena sipuling'i ikafooka, madzi amathawira m'kabotolo ka pambali n'kusefukira mumsewu galimoto ikuyenda, pomwe palibe akuona. Ndi chinthu chotchipa kuposa zonse, koma ndaonapo anthu akutsitsa rediyeta yonse chitsekero chakutha chili m'thumba mwawo. Yambirani pamenepo, ndipo mugule cha nambala yofanana ndi chakalecho.

Mukachoka apo pitani ku mapaipi. Ambiri mwa malole amenewa anafika kuno atayenda kale zaka zambiri ku Japan, ndipo ena akadali ndi mapaipi omwe anabwera nawo. Afinyeni ndi dzanja injini itazizira. Yabwino imabwerera msanga. Yakutha imakhala yofewa kwambiri, yotupa pafupi ndi kilampu, kapena youma mochita kumveka kuthetheka. Kilampu yokhwepa ingomangani. Musaiwale timapaipi tiwiri topita ku hita ya m'kebu. Hitayo kuno sitiyatsa, koma madzi amafikako, ndipo ikabooka mumapeza pansi ponyowa kumapazi. Kuilambalala polumikiza timapaipito n'kololeka ndithu.

Rediyeta imakonda kudontha m'mphepete momwe thanki yapamwamba imakumana ndi timizere tozizitsira. Yamkuwa amaiwotcherera n'kukhalanso zaka. Yokhala ndi thanki yapulasitiki ikang'aluka, zomata sizikhalitsa. Pampu ya madzi ili ndi kabowo kunsi kwake komwe anakaika dala: pakamatuluka madzi, ndiye kuti silo yatha, ndipo mukaigwedeza pulle n'kumva kuti ikusewera, musaiyembekezere kuti ikafike ku Salima. M'mbali mwa buloko mulinso tizitsekero tachitsulo tozungulira, tomwe amakaniko amati core plug. Timeneti timadyeka ndi dzimbiri kuchokera m'kati, ndipo kakumbuyo kwa injini kamavuta kukaona.

Tsopano pali kudontha kwina koopsa, kosaoneka kunja. Aliyense wopalasa njinga anakumanapo ndi chubu chomwe umamata lero, mawa chaphwanso, mkuja chimodzimodzi, mpaka wina atalowetsa chala m'kati mwa tayala n'kupeza munga udakali momwemo. Lole yomwe ikuphulitsa paipi iyi lero, ina sabata yamawa, kawirikawiri munga wake ndi gasiketi ya hedi. Ikapsa, mpweya wa m'silinda, womwe mphamvu yake imaposa kutalitali zomwe mapaipi angapirire, umalowa m'njira ya madzi. Kuyesa kwake n'kwa thovu komweko: injini ili yozizira, tsegulani chitsekero, dzazani madzi mpaka pakamwa, lizani. Thovu likamatuluka mosalekeza, kapena paipi yapamwamba ikalimba gwa injini isanatenthe n'komwe, nkhani yafika pa gasiketi kapena hedi yong'aluka. Zizindikiro zina ndi utsi woyera wosatha ngakhale injini yatentha, ndi oyilo wotuwa wosakanikirana ndi madzi. Zikatero musaiyendetsenso. Oyilo wamadzi amadya mabering'i, ndipo madzi akadzaza m'silinda usiku, kuliza kwa m'mawa kungapinde konirodi. Hedi iyenera kutsika, iyezedwe ngati yapindika, ipalidwe pa makina, ndipo mabawuti ake amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati yongoyerekeza ndi mkono.

Za pamsewu sindizinyoza. Malegeni okulunga paipi yong'aluka, chomatira cha Pratley pa kabowo ka thanki, zapulumutsa anthu ambiri pakati pa Benga ndi Chia usiku, nsomba zili pamsana. Mukamanga chonchi, yendani pang'onopang'ono, chitsekero chili chokhwefula pang'ono kuti presha isakankhe chigambacho, ndipo muziima pafupipafupi. Koma zimenezi n'zokufikitsani kwa makaniko basi. Zothira m'kati, monga dzira, sopo kapena fodya, ndimazikana: sizisankha bowo, zimatsekanso timizere ta rediyeta tomwe tinali tabwino. Ndimakananso chizolowezi chochotsa thermostat ati poti kuno n'kotentha. Bowo limakhala lilipobe, ndipo injini yoyenda mozizira imadya dizilo wambiri n'kutha msanga. Thermostat ikafa, ikanimo ina.

Mawu awiri okhudza chitetezo. Musatsegule chitsekero injini ili yamoto, ngakhale ndi chiguduli, chifukwa presha ikangochoka madzi onse amawira kamodzi n'kukuthirani kumaso. Ndipo musathire madzi ozizira mu injini yomwe yawira kumene. Dikirani izizire, apo ayi hedi ing'aluka. Geji ya kutentha nayo isakupusitseni: madzi akatheratu, kachipangizo koyeza kutentha kamatsala pouma ndipo muvi ukhoza kutsika injini ikupsa.

Chotsala ndi madzi omwe tikuthirawo. Chia amalandira mitsinje yochokera kumapiri a Ntchisi, ndipo dzinja madzi ake amabwera ndi matope. Matopewo amakhazikika pansi pa rediyeta. Madzi a pamjigo amaoneka oyera, koma ambiri ali ndi mchere womwe umamatirira m'tinjira ta injini ukatentha. Ndipo madzi okhaokha, ngakhale oyera chotani, amadyetsa chitsulo dzimbiri. Ma core plug aja ndi mapiko a pampu zimathera pamenepo. Ena amati kulanti ndi wa kumayiko a chisanu. Kuno timamufunira zina: amateteza ku dzimbiri ndipo amakweza mlingo womwe madzi amawirira. Mukatseka bowo, tsukani njira yonse mpaka madzi atuluke oyera, ndipo muthire kulanti wosakaniza monga zalembedwera pabotolo, ndi madzi a batire kapena amvula osefa. Kulanti wakale yemwe mwakhetsayo mukhetsereni m'chigubu chotseka. Amatsekemera koma ndi poizoni, amapha galu, mbuzi ngakhale mwana, ndipo sayenera kutayidwa pansi pafupi ndi dziwe lomwe anthu amamwa ndi kuphamo nsomba.