Chidikwidikwi Chikakana Kutha, Thamangirani ku Chipatala

Tonsefe tinagwidwapo chidikwidikwi, chomwe pa Chingerezi amati hiccups. Ena amamwa madzi ozizira, ena amagwira mpweya, pomwe amayi ena amaika kaulusi pamphumi pa khanda. Pakapita kanthawi chimatha chokha. Koma kodi mukudziwa kuti chikapitirira masiku awiri, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala?

Chidikwidikwi chimabwera pamene mnofu wa pansi pa mapapo, womwe umatithandiza kupuma, wadzikoka mwadzidzidzi. Chikakhalitsa, munthu amalephera kudya ndi kugona, ndipo amafooka. Bambo wina wa ku America, Charles Osborne, anakhala nacho zaka 68, kuyambira 1922 mpaka 1990.

Chikukhudzana bwanji ndi HIV?

Chidikwidikwi si chizindikiro choti munthu ali ndi kachilombo. Aliyense chitha kumugwira, choncho tisalozane zala. Komabe kwa munthu yemwe chitetezo chake chatsika, chitha kukhala chenjezo la matenda ena. Kawirikawiri zimakhala zilonda zoyera za m'kamwa zomwe zatsikira kum'mero. Nthawi zina ndi chifuwa chachikulu cha TB, vuto la impso kapena matenda a muubongo. Chilungulira komanso mankhwala ena, monga dexamethasone, nazonso zimayambitsa vutoli.

Mankhwala ake alipo

Dokotala amayamba wafufuza gwero. Ngati ndi zilonda za kum'mero, amapereka fluconazole. Ngati ndi chilungulira, amapereka mankhwala monga omeprazole. Gwero likachizidwa, chidikwidikwi nacho chimachoka.

Chikakanabe, pali mankhwala ochiletsa. Chlorpromazine ndi akale kwambiri pa ntchitoyi, koma amagonetsa komanso kuchititsa chizungulire munthu akaimirira. Anthu ena amawaopa poti amaperekedwanso kwa odwala matenda a maganizo. Musadandaule, mankhwala amodzi atha kugwira ntchito zingapo. Metoclopramide amathandizanso, ngakhale kuti nthawi zina amaumitsa khosi ndi nsagwada, makamaka kwa achinyamata. Palinso baclofen ndi gabapentin, omwe amafunika kusamala nawo ngati impso sizili bwino. N'chifukwa chake si bwino kugula mankhwalawa pamsika kapena kubwereka kwa mnzanu.

Udindo wathu ngati achinyamata

Ambiri mwa ife timayendera odwala m'midzi kapena tikusamala makolo kunyumba. Mukapeza wina ali ndi vutoli, mufunseni tsiku lomwe linayamba. Ngati padutsa masiku awiri, kapena akumva kuwawa pomeza, akusanza, mutu ukumupweteka kwambiri kapena wasokonezeka, muperekezeni ku chipatala tsiku lomwelo. Atenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa. Asasiye kumwa ma ARV payekha, ndipo ngati akulephera kuwameza auze achipatala msanga.

Ngati sanayezetse magazi, mulimbikitseni mwaulemu kuti akatero. Pamsonkhano wa kalabu yanu wotsatira, kambiranani nkhaniyi kuti anzanu nawonso adziwe.